Achepetsa mapiritsi a khansa a amayi anga, kodi madokotala awataya?

"Adokotala, amayi anga ali ndi zaka 68. Anawapeza ndi khansa ya m'matumbo, anawachita opaleshoni n'kuchotsa chotupacho, kenako anati alandire mankhwala kuti matenda asabwerere. Amalandira diripi ya oxaliplatin kamodzi pa milungu itatu, n'kumamwa mapiritsi a capecitabine kwa masiku 14. Poyamba ankamwa atatu akuluakulu m'mawa, atatu madzulo. Ulendo wachiwiri anatsegula m'mimba kwambiri, m'kamwa munatuluka zilonda, m'manja munafiira. Kuchipatala anawaimitsa mlungu umodzi, ndipo tsopano awapatsa awiri akuluakulu ndi kamodzi kakang'ono. Mayi wina amene timakhala naye pa benchi ali ndi matenda omwewa koma amamwa anayi. Achimwene anga akuti madokotala ataya mtima chifukwa amayi ndi achikulire. Kunyumba kuli mapiritsi amene anatsala atawaimitsa paja. Kodi tiziwonjezera kuti akwane atatu? Amayi eni ake akuti ulendo wina akamva kuwawa sadzanena, kuopa kuti angawachepetsenso. Ndithandizeni, mtima wanga suli m'malo."

Mayi, pepani ndi matendawa, ndipo zikomo kuti mwafunsa musanachite kanthu. Ndiyamba ndi chimene sichingadikire mawa: mapiritsi otsalawo musawonjezere, ngakhale limodzi. Aikeni m'kathumba, mudzapite nawo kuchipatala pa ulendo wotsatira akawerengedwe. Capecitabine si mankhwala oti ukapitiriza muyezo ungomva chizungulire n'kugona, mawa n'kudzuka bwinobwino. Thupi la amayi lanena kale kuti atatu alilemera. Mukalikakamiza lidzanenanso, koma mokuwa, moti munthu n'kugonekedwa milungu ingapo, ena mpaka kutaya moyo kumene.

Tsopano mtima ukhale pansi pa mawu a achimwene anu. Mawu akuti "atitaya" ndawamva kambirimbiri pa zaka zimene ndakhala ndikusamalira odwala khansa, ndipo sindimudzudzula munthu wowanena, chifukwa amachokera m'chikondi ndi m'mantha. Koma taganizani. Dokotala amene wataya mtima sakhala pansi n'kumawerengera kuti awiri akuluakulu ndi kamodzi kakang'ono. Kuwerengera kotere ndi kwa munthu amene akufuna kuti wodwala wake akafike kumapeto kwa chithandizo ali chilili. Chotupa chinachoka kale, mankhwalawa akusaka timbewu ta khansa tosaoneka ndi maso timene tingakhale titatsalira, ndiye cholinga chake n'chakuti amayi achiriretu. Amene ali ndi fayilo yawo ndi dokotala wawo, ndipo mawu omaliza ndi ake, koma ndikufotokozerani mmene ntchito yoyeza mlingoyi imayendera kuti mukakhale naye pansi mukudziwa chofunsa.

Tiyambe ndi mayi wa pa benchi uja. Mankhwala ambiri a kemo, ndiko kuti opha maselo a khansa, sitiwapereka potengera kulemera kokha. Timayeza kutalika ndi kulemera, n'kuwerengera kukula kwa khungu lonse la munthu, ngati kuti talitambasula pansi n'kuliyeza m'masikweya mita. Masamu amene zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito ndi amene Mosteller anafalitsa mu 1987: kutalika m'masentimita kuchulukitsa ndi kulemera m'makilogalamu, kugawa ndi 3600, kenako kupeza nambala imene ikadzichulukitsa yokha imabala yankho limenelo. Tiyerekeze mayi wa masentimita 155 wolemera makilogalamu 52, iyeyo amatuluka pafupifupi 1.5. Wina wa masentimita 165 ndi makilogalamu 88 amatuluka 2.0. Capecitabine akamayendera limodzi ndi oxaliplatin, mlingo wake kawirikawiri umakhala mamiligalamu 1000 pa sikweya mita iliyonse, kawiri pa tsiku. Piritsi lalikulu ndi la 500, laling'ono la 150. Ndiye woyambayo atenga atatu, wachiwiriyo anayi, chonsecho pa thupi la aliyense mphamvu yake ndi imodzimodzi. Mukaona mnzanu wanyamula mabokosi ambiri pa zenera la mankhwala, sikuti iyeyo ndiye wokondedwa.

Komatu masamu amenewa sindimawadalira kwathunthu, ndipo palibe dokotala wa khansa amene amawadalira kwathunthu. Chiyambi chake n'cha mu 1916, pamene ofufuza awiri a dzina la Du Bois ku New York anayeza khungu la anthu 9 okha powakuta ndi mapepala. Mu 1958 Donald Pinkel ndiye analimbikitsa kuti mankhwala a khansa aziwerengedwa motengera kukula kwa khungu, ndipo tinazolowera choncho mpaka lero. Vuto lake n'lakuti khungu silisefa mankhwala. Zimene zimaphwanya ndi kutulutsa mankhwala ndi chiwindi ndi impso. Anthu awiri ofanana msinkhu ndi kulemera, atamwa mapiritsi ofanana, mukawatenga magazi mupeza kuti wina ali ndi mankhwala ochuluka kuwirikiza kangapo kuposa mnzake. Choncho mlingo wa tsiku loyamba umakhala kuyerekeza kwabwino koposa kumene tingathe. Sikelo yeniyeni ndi thupi la wodwala pa ulendo woyamba ndi wachiwiri. Kutsegula m'mimba kuja, zilonda zija, manja ofiira aja, kwa ife ndi zotsatira za muyezo, monga pepala lochokera ku labu. Zikutiuza kuti mwa amayi anu mapiritsi atatu akugwira ntchito ngati anayi kapena asanu mwa munthu wina. Tikachotsako gawo limodzi mwa magawo anayi, mankhwala amene akuzungulira m'magazi mwawo angathe kufanana ndithu ndi a mayi wa pa benchi uja.

N'chifukwa chiyani thupi lina limasunga mankhwala nthawi yaitali? Pa munthu wa zaka 68 ndimayamba kuyang'ana impso. Zotsalira za capecitabine zimatuluka ndi mkodzo, ndipo impso zimafooka pang'onopang'ono ndi ukalamba ngakhale mwa munthu amene sanadwalepo impso. Pali msampha umene umakola ngakhale anthu a ntchito. Ku labu timayeza creatinine, chinthu chimene chimachokera m'minofu. Agogo owonda, a minofu yochepa, amapanga creatinine wochepa, ndiye pepala limaoneka loyera bwino pamene impso zikugwira theka la ntchito. N'chifukwa chake sitingoyang'ana nambala ya pa pepala, timaiphatikiza ndi zaka, kulemera, ndi kuti wodwala ndi mwamuna kapena mkazi, mogwiritsa ntchito masamu a Cockcroft ndi Gault a mu 1976. Yankho likatsika pansi pa 30, capecitabine sitipereka n'komwe. Likakhala pakati pa 30 ndi 50 timayenda mosamala ndipo nthawi zambiri timayamba ndi mlingo wotsikirapo. Muonenso mmene zinthu zimakolerana: munthu akatsegula m'mimba madzi amatha m'thupi, madzi akatha impso zimachedwa kusefa, impso zikachedwa mankhwala amaunjikana, ndipo mankhwala akaunjikana m'mimba mumatseguka koposa. Mlungu umene anawaimitsa uja unali wodula chingwe chimenechi.

Pali mankhwala amodzi a kemo amene tinasiyiratu kuwayeza ndi khungu. Carboplatin amawerengedwa kuchokera pa mphamvu ya impso basi, motsata njira imene Hilary Calvert ndi anzake anafalitsa ku England mu 1989. Ndimaitchula chifukwa imasonyeza kuti tikadziwa khomo limene mankhwala amatulukira, mlingo timaupeza molondola kwambiri.

Tsopano chiwindi, ndipo apa ndichedwapo chifukwa pakukhudza mapiritsi a amayi mwachindunji. Capecitabine akalowa m'thupi amasanduka mankhwala otchedwa 5-FU, amene ndiwo amapha maselo a khansa. Pafupifupi magawo 80 pa 100 a 5-FU amaphwanyidwa ndi enzyme imodzi (chinthu chimene thupi limapanga chophwanyira zinthu zina) yotchedwa DPD, imene yambiri ili m'chiwindi. Anthu ena amabadwa ndi DPD yofooka, ndi nkhani ya majini ochokera kwa makolo, ndipo amakhala moyo wawo wonse osadziwa chifukwa sizimawadwalitsa mpaka tsiku limene akumana ndi mankhwala amenewa. Bungwe loona za mankhwala ku Ulaya, European Medicines Agency, linanena mu 2020 kuti mwa azungu, anthu ofika 9 pa 100 ali ndi DPD yochepa mphamvu ndipo ofika mmodzi pa 200 alibiretu, n'kulangiza kuti wodwala aliyense aziyezedwa asanayambe 5-FU kapena capecitabine. Amene alibiretu sapatsidwa mankhwalawa mpang'ono pomwe. Amene ili yofooka amayambira kawirikawiri pa theka la mlingo, n'kumakwera ngati thupi likulola.

Kuyezaku kumachitika m'njira ziwiri, kuyang'ana jini yotchedwa DPYD kapena kuyeza m'magazi uracil, chinthu cha m'thupi chimene DPD imaphwanyanso. Pali chinthu chimene ndikufuna muchidziwe, chifukwa ambiri sachitchula. Malabu ambiri amafufuza zosintha zinayi zokha za jiniyi, zimene zinapezeka makamaka pofufuza azungu. Chosintha china, chotchedwa c.557A>G, chimapezeka kwambiri mwa anthu a mtundu wa ku Africa, ndipo si labu iliyonse imachiyang'ana. Ndiye pepala lonena kuti zonse zili bwino silitipatsa ufulu wogona tulo. Mukafunse ngati amayi anayezedwa DPD, ndipo ngati sanayezedwe, ngati n'zotheka kutero. Anthu amene DPD yawo ili yofooka kwambiri amadwala msanga, nthawi zambiri m'masiku oyambirira a ulendo woyamba, ndiponso modetsa nkhawa. Amayi anu anadutsa ulendo woyamba, chimene chikundilimbitsa mtima, koma kufooka kwapakatikati kungathe kuonekera mochedwerapo. Pali mankhwala othetsa poizoni wa 5-FU otchedwa uridine triacetate, amene amathandiza akaperekedwa pasanathe maola 96 kuchokera pa piritsi lomaliza, koma sapezeka paliponse. Chitetezo chimene chili m'manja mwa aliyense ndi kusiya mapiritsi msanga zizindikiro zikayamba.

Nkhani yotereyi si ya capecitabine yekha. Ana odwala khansa ya m'magazi amamwa mercaptopurine kwa zaka ngati ziwiri, ndipo pafupifupi mwana mmodzi pa 300 amabadwa wopanda mphamvu ya enzyme ya TPMT. Mwana woteroyo amafunika kagawo kakang'ono chabe ka mlingo wa anzake, koma kagawo kameneko kamamugwirira ntchito yofanana. Mankhwala ena a khansa otchedwa irinotecan nawonso amavuta anthu amene jini yawo ya UGT1A1 ili yofooka. Mankhwala ena timawayeza m'magazi mwenimweni: wolandira methotrexate wa mlingo waukulu timamutenga magazi pakatha maola 24, 48 ndi 72 kuti tidziwe kuchuluka kwa mankhwala omuteteza amene akufunika. Ku chipatala cha ana cha St Jude ku Memphis, kafukufuku amene anafalitsidwa mu 1998 anasonyeza kuti ana a mtundu wina wa khansa ya m'magazi amene mlingo wawo unkasinthidwa motsata zotuluka m'magazi, 76 pa 100 anakhala opanda matenda patatha zaka zisanu, poyerekeza ndi 66 pa 100 a mlingo wa masamu okha. Ndipo pamenepo phindu linabwera chifukwa chokwezera mlingo ana amene matupi awo ankatulutsa mankhwala mofulumira. Kuyeza munthu payekha kumatsitsira ena, kumakwezera ena.

Sindikufuna kuti achimwene anu aoneke ngati alankhula zopanda mutu, chifukwa mantha awo ali ndi pogwira. Mlingo ukatsika popanda chifukwa, khansa imapeza mpata. Gianni Bonadonna ndi anzake ku Milan anatsatira amayi a khansa ya m'mawere kwa zaka 20, ndipo mu 1995 anasonyeza kuti amene analandira magawo 85 pa 100 a mlingo wokonzedwa kapena kuposerapo ndi amene anapindula kwambiri. Kalekale madokotala ankaopa kupatsa anthu onenepa mlingo wonse umene masamu atulutsa, n'kumaudula, mpaka bungwe la madokotala a khansa ku America, ASCO, linalangiza mu 2012 kuti awerengeredwe pa kulemera kwawo kwenikweni chifukwa kudulako kumawamana chithandizo. Choncho ine ndikamachepetsa mlingo kwa munthu amene tikufuna kuti achire, sindichita mwachibwana. Ndimafuna chifukwa chooneka, ndipo ndimachilemba.

Kwa amayi anu zifukwa zilipo zitatu zooneka ndi maso. Ndiye werengerani nokha. Wodwala amene wakakamira mlingo wonse, n'kugwa pa ulendo wachitatu, n'kukagona m'chipatala ndi diripi ya madzi, n'kulephera kupitiriza, walandira maulendo atatu basi. Amene watsika n'kumaliza maulendo onse walandira mankhwala ochuluka koposa, ndipo wawalandira pa nthawi yake. Malangizo a opanga capecitabine eni ake amanena kuti zizindikiro zotere zikabwera, mankhwala aimitsidwe mpaka zitapola, kenako, malinga ndi kukula kwake ndi kubwerezabwereza kwake, ayambirenso pa magawo 75 pa 100, nthawi zina pa theka. Akatsika chifukwa cha zotere kawirikawiri sitimawakwezanso. Dokotala wanu watsata njira yolembedwa, imene angatsate ngakhale pa wodwala wa zaka 35.

Pali kafukufuku wina wa ku United Kingdom amene anasintha maganizo anga pa odwala achikulire. Ankatchedwa GO2, anafalitsidwa mu 2021, ndipo munali odwala 514 okalamba kapena ofooka, a khansa ya m'mimba ndi ya kum'mero imene inali itafalikira. Anawapatsa mankhwala awiri omwewa, oxaliplatin ndi capecitabine, ena mlingo wonse, ena magawo 80, ena magawo 60 pa 100. A magawo 60 aja khansa yawo inagwidwa kwa nthawi yofanana ndi ya anzawo, koma anavutika pang'ono ndipo ankamva bwino m'thupi. Matenda awo ndi osiyana ndi a amayi anu, ndiye musatenge nambala imeneyi ngati yanu. Chimene ndinatolapo ine n'chakuti m'thupi lofooka mlingo waukulu umawonjezera mavuto msanga kuposa mmene umawonjezerera phindu. Wina wokhudza amayi mwachindunji ndi wotchedwa IDEA, wa mu 2018, wa odwala oposa 12,000 a khansa ya m'matumbo aakulu amene anachitidwa opaleshoni. Unasonyeza kuti kwa amene chotupa chawo sichinalowerere kwambiri ndiponso chinakhudza timwanabere tochepa, miyezi itatu ya oxaliplatin ndi capecitabine inathandiza mofanana ndi miyezi isanu ndi umodzi, pamene dzanzi losatha la m'manja ndi m'mapazi linachepa kwambiri. Mukafunse kuti amayi ali m'gulu liti, ndipo akonzeredwa maulendo angati.

Mankhwala atsopano nawonso akuyenda njira yomweyi. Niraparib, wa khansa ya thumba la mazira, amayambira pa mamiligalamu 200 m'malo mwa 300 kwa mayi wosafika makilogalamu 77 kapena amene maselo ake oundanitsa magazi ali ochepa. Bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linayambitsa mu 2021 ntchito yotchedwa Project Optimus, yolimbikitsa opanga mankhwala kufufuza mlingo wothandiza m'malo mongotenga waukulu umene munthu angapirire.

Koma mawu amene andisowetsa mtendere m'kalata yanu si a achimwene anu ayi. Ndi a amayi, akuti sadzanena. Ndinali ndi wodwala wina, bambo waulemu kwambiri, amene nthawi zonse ndikamufunsa ankayankha kuti "ndili bwino adokotala, tipitirize." Tsiku lina popatsana moni ndinaona kuti wakwinya nkhope. Nditatembenuza dzanja lake, chikhatho chinali chofiira ngati chapsa ndi madzi otentha, m'mizere ya zala muli ming'alu, khungu likusendeka. Nsapato anali atazipondera kumbuyo chifukwa zidendene zinali ndi matuza. Mkazi wake ndiye anaulula kuti kwa masiku asanu bamboyo ankadzuka kanayi usiku kupita kuchimbudzi, koma mapiritsi osadumphitsa, poopa kuti tingamuimitse. Tinamugoneka tsiku lomwelo, impso zitayamba kale kufooka, ndipo anataya pafupifupi mwezi wathunthu wa chithandizo. Akanaimba foni tsiku lachiwiri akanataya masiku atatu kapena anayi. Anachira, anamaliza pa mlingo wotsika, koma nkhope ya mkazi wake tsiku limenelo sindimaiiwala. Wodwala akabisa, amakhala watithyolera sikelo, ndipo ife timapitiriza kuthira mankhwala tili m'chimbulimbuli.

Ndiye amayi muwauze mwaulemu, koma mosapita m'mbali, nthawi zimene ayenera kusiya mapiritsi n'kuimba foni kuchipatala tsiku lomwelo osadikira tsiku la kalendala. Akatsegula m'mimba kanayi kapena kuposerapo pamwamba pa mmene amachitira masiku onse, kapena akadzuka nako usiku. Akasanza kangapo pa tsiku limodzi. Zilonda za m'kamwa zikayamba kuwawa moti kudya ndi kumwa kukuvuta. M'manja kapena m'mapazi mukatupa, kuwawa, kapena kutuluka matuza. Pa zonsezi lamulo ndi limodzi, kusiya kaye, kufunsa pambuyo pake. Masiku amene adumpha sabwezeredwa, ndipo akaiwala kumwa m'mawa asamwe kawiri madzulo. Pali ziwiri zimene sizifuna ngakhale foni, zimafuna ulendo wa kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Choyamba ndi kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chifukwa mankhwalawa nthawi zina amafinya mitsempha ya mtima. Chachiwiri ndi kutentha thupi kofika madigiri 38, kapena kunjenjemera ndi kuzizidwa. Asilikali a m'magazi amatsika kwambiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 kuchokera pa diripi, ndipo kachilombo kakalowa nthawi imeneyo kamathamanga m'maola ochepa. Musawapatse paracetamol n'kumaonera, amangobisa kutenthako. Apa zengerezu adalinda kwawukwawu. Ngati kunyumba kulibe choyezera kutentha kwa thupi, chipezeni mlungu uno.

Za asilikali a m'magazizi ndiwonjezepo kamodzi. Tisanapereke ulendo uliwonse timayeza maselo oyera otchedwa neutrophil, ndipo akakhala pansi pa 1.5 nthawi zambiri timadikira. Koma anthu ambiri a mtundu wa ku Africa mwachibadwa amakhala ndi nambala yotsikirapo ya maselowa chifukwa cha mtundu wa magazi wotchedwa Duffy-null, popanda kudwaladwala kuposa ena. Ngati tsiku lina adzawabweza chifukwa cha nambala imeneyi iwo ali bwinobwino, n'koyenera kufunsa kuti nambala yawo inali bwanji asanayambe mankhwala.

Oxaliplatin ali ndi muyezo wakewake, ndipo palibe labu imene ingauone. Masiku oyamba pambuyo pa diripi, kugwira chinthu chozizira kumalasa ngati magetsi, ndipo madzi ozizira amathina pakhosi. Zimenezo zimatha zokha. Chimene timaopa ndi dzanzi limene silikuchoka mpaka ulendo wotsatira. Muziwaona amayi akamamanga mabatani, akamatola ndalama yachitsulo patebulo, akamalowetsa ulusi m'singano, akamayenda mumdima. Zikayamba kuwavuta, dokotala adziwe, chifukwa pamenepo timachepetsa kapena kuimitsa oxaliplatin n'kupitiriza mapiritsi okha. Minyewa ikawonongeka kwambiri, dzanzilo lingathe kukhala zaka.

Chinanso chimene chimasintha mlingo mwakachetechete ndi mankhwala ena amene munthu akumwa. Capecitabine akakumana ndi warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, magazi amasungunuka mopitirira, munthu n'kumatuluka magazi. Amakwezanso phenytoin wa khunyu. Ngakhale mavitamini okhala ndi folic acid, amene achibale amagula mwachikondi kuti wodwala apeze mphamvu, amawonjezera ukali wa capecitabine. Kwa odwala ena, rifampicin wa chifuwa chachikulu amatsuka mapiritsi ambiri a khansa m'magazi asanagwire ntchito, pamene ma ARV okhala ndi ritonavir amachititsa kuti mankhwala a khansa a vincristine ndi docetaxel aunjikane. Chitsamba cha St John's wort chimafooketsa irinotecan ndi imatinib. Ma ARV kapena mankhwala a chifuwa chachikulu sasiyidwa chifukwa cha zimenezi, madokotala amangogwirizanitsa. Chimene ndimapempha banja lililonse n'chakuti lisonkhanitse chilichonse chimene wodwala amameza, cha kuchipatala, chogula, cha zitsamba, n'kubwera nacho m'thumba limodzi. Sitikalipa. Safunsa adadya phula, ndipo mwambiwu umatikhudza ifenso madokotala tikapanda kufunsa zimene zili m'kabati ya wodwala.

Mapiritsiwo azimwa ndi madzi pasanathe mphindi 30 atadya, m'mawa ndi madzulo, osawaphwanya kapena kuwatafuna. Pa sikelo azikwera ulendo uliwonse, atavula nsapato ndi juzi. Munthu amene watsegula m'mimba ndi kulephera kudya amatsika msanga, ndipo kulemera kukasintha ndi magawo 10 pa 100, zipatala zina ngakhale 5, masamu aja amawerengedwanso. Ndaonapo mlingo ukukoperedwa kuchokera pa tsamba loyamba la fayilo mwezi ndi mwezi pamene wodwala watha makilogalamu asanu ndi awiri. Mukaona kuti sanawayeze, kumbutsani anamwino, ndi ufulu wanu.

Pa ulendo wotsatira mupite ndi achimwene anuwo, akamve okha. Akafunse kuti impso za amayi zikusefa bwanji, kuti DPD inayezedwa kapena ayi, kuti mlingo watsika ndi magawo angati ndipo chifukwa chake n'chiyani, kuti maulendo atsala angati, ndi nambala ya foni yoimba usiku ndi Loweruka. Dokotala wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa. Ngati mayankho sakukukhutiritsani, kupempha kuti dokotala wina wa khansa aonenso fayiloyo si mwano. Ndipo ngati pa mlingo watsopanowu mavuto abweranso mwamphamvu, musadabwe akatsitsanso kapena akasintha mankhwala, njira zina zilipo.

Mugule kakope kakang'ono. Tsiku lililonse mulembemo mapiritsi amene amwa, kuti apita kangati kuchimbudzi, adya bwanji, m'kamwa muli bwanji. Amayi ambiri a msinkhu umenewo sakonda kudandaula kwa ana awo, ndiye musadikire kuti anene okha. Madzulo ano, asanagone, khalani nawo pafupi ndi nyale, muwagwire manja, muwatembenuze zikhatho, muone m'mizere ya zala ndi kuzidendene. Muwapake mafuta ofewetsa khungu, ndipo zimene mwaonazo mulembe pa tsamba loyamba, ndi deti lake.